Ana Amene Sadalire M'manja Mwanga

Positu yanga yoyamba, ufulu utangobwera

Ana anga, za ubwana wanga mudazimva kale mpaka kukhuta, ndiye sindizibwereza. Ndiyambira pa tsiku limene lole yonyamula kachewere idanditsitsa pamphambano ina kuseri kwa Domwe, kabokosi ka malata kali pamutu, mkwiyo uli mumtima. Inde, mkwiyo. Musadabwe. Mayi wanu amene mumamuona ndi korona m'manjayu adafika pantchito yake yoyamba atakwiyira Mulungu.

Chifukwa chake n'chakuti ndili pa shikola, ndiye kuti sukulu, ku Fonte Boa ndidatsimikiza kuti ndidzakhala irima, amene a ku Malawi amati sisitere. Ndinkaona ngati moyo wopereka kwa Mulungu ndi umenewo basi, ena onsewa akungotaya nthawi. Ndidalowadi m'nyumba ya ma irima, koma chifuwa chidandigwira, ndidaonda ngati bango, ndipo adanditumiza kwathu kuti ndikachire. Pomwe ndinkachira dziko lidali litatembenuka, ma irima ambiri atapita, khomo lija litatsekeka. Boma latsopano linkafuna atsikana odziwa kuwerenga kuti aphunzire uzamba. Malume anga sadafunse maganizo anga, adangoti, "Upite ku kurusu imeneyo. Pano uzidya chiyani, mapemphero?" Ndidapita, ndipo ndidatulukako ndili paritera, ndiye kuti mzamba wa boma. Koma mumtima ndinkadziona ngati mbale imene Mulungu adainyamula, n'kuiyang'ana, n'kuibwezera pathandala.

Positu yathu, kachipatala ka kumudzi, idali kanyumba ka zipinda ziwiri pamtunda wamphepo, china cha odwala, china cha amayi oyembekezera. Shefi wanga, ndiye kuti bwana, adali enfirimeru wina, namwino wamwamuna, a Jowakimu, munthu wamtali wochokera kotentha ku Tete, amene mpaka adapuma ntchito sadazolowere chisanu chakuno. Ankavala jekete ndi chipewa chaubweya ngakhale dzuwa lili paliwombo, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinkawaseka kuti tsiku lina adzabayira odwala jakisoni ali m'bulangete. Adali munthu wabwino, wosakonda phokoso. Zosowa zidali zambiri kuposa zimene tidali nazo. Zovala kumanja zija tinkazichapa n'kuziyanika pachingwe mpaka zitang'ambika zala. Lumo lodulira mchombo tinkaliwiritsa mumphika wophikira tiyi. Sabawu, sopo uja, akatha tinkasamba m'manja ndi phulusa, ndipo thonje likasowa ndinkang'amba makapulana akale, zitenje zija, n'kuwaphika. Masiku ano mtsikana wa kurusu akaona zimenezo angathawe osatsanzika.

Sabata yoyamba a Jowakimu adandiyendetsa m'chipinda changa chogwiriramo ntchito, cha amayi chija, n'kundionetsa makomo awiri. "Dona Rozalina," adatero, "ntchito yathu ndi amoyo. Mwana akabadwa n'kulira, ndi wathu, atulukira khomo lakutsogolo ali kumsana kwa mayi wake. Akapanda kulira, si wathu, ndi wa amayi akuluakulu. Khomo lake ndi ili lakuserili. Musamafunse zambiri, inu ndinu wakuno, mwambo mukuudziwa kuposa ine." Ndinkaudziwadi. Mwana wobadwa wakufa kwathu kuno timati mtayo. Sapatsidwa dzina, anthu salira maliro, abambo sapitako. Amayi akuluakulu okha amamukulunga, n'kukamuika m'kadzenje kosazama, n'kubwerako osayankhula. Mayi wake saloledwa kumuona kapena kumulira, poopa kuti mimba yake ingatsekeke osaberekanso. Sankachita izi mwankhanza ayi. Ankati akumuteteza mayiyo, kuti aiwale msanga, ayambirenso.

Zaka zimenezo ndidagwira ntchito ndi manja abwino, izi ndinena mosadzichepetsa. Mwana wobwerera kumiyendo ndinkamutulutsa, mayi wotaya magazi ndinkadziwa pofinya. Amene sadalire ndinkawakulunga msanga n'kuwapereka pakhomo lakuseri, monga ndidauzidwira. M'menemo ndidakwatiwa ndi bambo anu, purofesori, ndiye kuti mphunzitsi, wa pa shikola yapafupi, amene adandifunsira nditangowakalipira chifukwa chobwera ndi mwana wasukulu wa chilonda chonunkha mochedwa. Udabadwa iwe Lusiya. Ndinkapita ku Misa, ndinkayimba, koma popemphera ndinkangoti, "Ambuye, mudandikana, ndiye ndikuchita zimene ndapeza." Limenelo ndilo lidali pemphero langa kwa zaka zambiri.

Nthawi ya nkhondo, tsidya la Dedza

Za kuthawa kwathu sindilembapo zambiri, aliyense wa msinkhu wanga ali ndi yake. Tidasiya chimanga m'nkhokwe n'kuwolokera ku Malawi ndi zimene mutu ungasenze. Kutsidyako adamva kuti ndine paritera, ndipo adandiika kuthandiza m'kachipatala ka othawa nkhondo. Anthu adali ochuluka ngati nyerere, ndipo ana ankabadwabe, pakuti mimba sidikira kuti mfuti zitonthole.

Pano ndilemba chimene sindidakuuzenipo. Pakati pa iwe Lusiya ndi iwe Mateyu pali mpata umene mumandiseka nawo, kuti amayi adapumula nthawi yaitali. Sindidapumule. Ndidali ndi pakati kumeneko, mimba idakwana miyezi yake, ndipo m'mawa wina ndikuchapa ndidazindikira kuti mwana wasiya kusuntha. Ine mzamba sindikadadzinamiza. Ndidachira tsiku lotsatira, ndipo m'chipindamo mudali zii. Amayi amene ankandithandiza adali anthu abwino, ena a kwathu konkuno. Adachita chimodzimodzi chimene ine ndinkachita. Ndidangoona msana wa mayi wina akutuluka ndi kamtolo, wina atandigwira chibwano kuti ndiyang'ane kukhoma, akunong'ona kuti, "Limbani mtima, musalire, mungadzitsekere." Sindidalire. Sindidafunse n'komwe ngati adali mwamuna kapena mkazi, ndipo mpaka lero sindikudziwa.

Mkaka udabwera monga ubwerera kwa mayi aliyense. Adandimanga mabere ndi kapulana, ndipo patapita masiku ndidabwerera kuntchito kukalandira ana a anzanga. Bambo anu adakhala panja nthawi yonseyo, pakuti mwamuna safunsa za mtayo. Adangondigulira kabotolo ka mafuta odzola, n'kundiikira pamphasa. Adapita kumanda tisadakambepo nkhani imeneyi, osati chifukwa chosakondana, koma sitinkadziwa poyambira. Anthu ankati ukapanda kumuona uiwala msanga. Bodza, ana anga. Munthu amene sudamuone nkhope umamufuna pankhope ya mwana aliyense.

Titabwerera, pambuyo pa 1992

Tidapeza positu ilibe denga, mitengo itamera m'chipinda cha amayi. A Jowakimu nawo adabwerera, imvi zili mbuu, jekete lomwe lija. Anthu a m'midzi adaumba njerwa, malata adabwera, ndipo tidayambiranso. Vuto lidali lakuti amayi adazolowera kuchirira kunyumba, ndipo ambiri ankafika kwa ife zinthu zitaipa kale. Amene adatithandiza adali a Nachisale, mzamba wamkulu wa midzi ya kumeneko, mayi wamfupi wa mawu ochepa, amene akati "pitani" palibe ankatsala. Iwo adaona kuti pali zina zimene manja awo sangathe, ndipo adayamba kutumiza amayi kwa ine, nthawi zina kuwaperekeza okha. Tinkalemekezana. Ndinkawapatsa malumo atsopano, iwo ankandibweretsera nyemba. Chipinda changa chidadzaza chifukwa cha mawu a mayi ameneyu, ndipo ndinkadziwa kuti mawu omwewo angathenso kuchikhuthula.

A Nachisale adali ndi mwana wa mng'ono wawo, dzina lake Estere, amene adamulera okha kuyambira kutsidya mayi wake atamwalira. Adali mtsikana wosekaseka, wokwatiwa ndi mkamwini wina wonyamula katundu panjinga pamalire a ku Kalomwe. Mimba yake yoyamba idapita padera. Yachiwiri idakwana bwino, koma matenda adamuyamba mvula ikugwa, mtsinje utadzaza, ndipo ngolo idafika naye pa positu dzuwa litakwera, atavutika kale nthawi yaitali. Ndidaika chomvera pamimba, ndidasuntha, ndidaikanso. Kudali chete. Ndidayang'ana a Nachisale, iwo adayang'ana pansi, ndipo adatuluka kukaima kukhomo lakuseri ndi amayi ena awiri.

Adabadwa mwana wamwamuna, wamkulu bwino, wokwanira chilichonse, kungoti sadalire. Ndidadula mchombo, ndidamukulunga m'kansalu monga mwa masiku onse, ndipo ndidatembenuka kuti ndizipita kukhomo. Pamenepo ndidamva chinthu chikundikoka. Estere, ndi kufooka konse kuja, adali atagwira mpendero wa yunifomu yanga.

"Dona," adatero, "ndi ndani?"

"Gona, mwana wanga, upumule."

"Ndamunyamula miyezi yonseyi, amandimenya usana ndi usiku. Ndingomuona. Sindilira, ndikulonjeza. Ndingomuona basi."

Ndidaima pakati pa bedi ndi khomo, mwana ali m'manja. A Nachisale adakankha chitseko pang'ono n'kutambasula manja. Atandiona ndikuzengereza, nkhope yawo idasintha. "Dona Rozalina, bweretsani kuno," adatero motsitsa mawu. "Estereyu ndi mwana wanga, ndamulera ndekha. Mukamuonetsa, mimba yake itsekeka, ndipo ukwati wake utha. Inu muli ndi anu kunyumba. Musandiphere mwana." Sankandiopseza, ankandipempha, ndipo misozi idali m'maso mwawo. Ndidadziwa kuti ndikawakana pamaso pa amayi enawo, ndawanyoza, ndipo amayi a midzi yonse ija adzasiya kubwera. Ndidadziwanso chimene chimachitika amayi akasiya kubwera. Zonsezi zidadutsa m'mutu mwanga, koma dzanja lija silidasiye nsalu yanga, ndipo ine ndinkadziwa khoma limene Estere adzaliyang'ane moyo wake wonse.

"Amayi," ndidatero, "wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wapempha yekha. Ndikupatsani, koma ayambe wamuona."

"Mawu a akulu akoma akagonera," adayankha a Nachisale, n'kutseka chitseko.

Ndidamusambitsa mwanayo ndi madzi ofunda, chinthu chimene ndidali ndisadachitepo kwa mwana wotere, ndipo ndidamuika pachifuwa cha mayi wake. Estere adavundukula kansalu pang'onopang'ono. Adamugwira zala, adamusisita tsitsi, kenako adaseka pang'ono n'kunena kuti, "Taonani makutuwa, ndi a bambo ake enieni." Adandifunsa ngati ndingamubatize. Ndidamuuza zoona, kuti ubatizo ndi wa amoyo, koma kuti Mulungu amene adamuumba m'mimbamo akumudziwa kale, ndipo sadikira madzi anga kuti amulandire. "Ndiye akhale ndi dzina," adatero, "Mulungu asamuitane kuti iwe. Ndi Tadeyo." Ndidalemba mtanda ndi chala pachipumi chake chozizira, n'kutchula dzinalo. Lonjezo lija Estere sadalisunge. Adalira, kulira kwenikweni kwa maliro, kumene kudamveka mpaka kuchitsime. Inenso ndidalira naye, ndipo amene ndinkamulira ine adali wina, wogona ku Dedza m'dzenje limene sindilidziwa.

Ana anga, m'chipinda chimenecho, magazi ali pansi, mvula ikugunda malata, ndipomwe ndidamva chimene Mulungu adandisungira. Sikudamveke mawu ochokera kumwamba, sindidaone kuwala, musakawonjezere pofotokozera adzukulu. Ndidangozindikira, monga umazindikirira kuti nsapato iyi ndi yako. Ana olira ali ndi anthu ambiri owalandira, pali nthungululu, pali mphatso, pali ubatizo. Koma amene sadalire adalibe munthu ndi mmodzi yemwe woti awagwire ngati anthu, ndipo amayi awo adalibe woima nawo. Mulungu ankafuna munthu pamalo amenewo, wodziwa uzamba, wobadwira m'mwambo womwewo, amenenso adalawako ululu wake. Irima sakadaima pamenepo. Ndidati mumtima, "Ambuye, kodi n'kuno mumandituma?" Ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni m'nyumba ya ma irima, ndidapemphera wopanda mkwiyo.

Patapita kanthawi Estere adandipatsa yekha mwanayo. Ndidatsekula khomo lakuseri. A Nachisale adamulandira osandiyang'ana, ndipo adapita naye ndi amayi aja kukachita za mwambo.

Miyezi ya chipinda chopanda anthu

Zidachitika monga ndinkaopera. Mbiri idayenda kuti paritera wa pa positu akuliritsa mitayo, akutseka mimba za ana a eni. A Nachisale sadapite khomo ndi khomo kukaletsa anthu, adangosiya kunena kuti "pitani," ndipo zidakwana. Amayi amene ankabwera kudzayezetsa adasiya. Ndinkasesa chipinda, kuyala mabedi, kuwiritsa malumo, n'kukhala pakhonde kuyang'ana njira. Kutchalitchi amayi ena ankasuntha ndikakhala pafupi. Iwe Lusiya udabwera tsiku lina kuchokera ku shikola ukulira kuti anzako akuti mayi ako ndi mfiti, ndipo ndidakuuza kuti ndi nsanje chabe. Tsopano wadziwa kumene zidachokera.

Chimanga chili pafupi kucha, mayi wina wa mudzi wa kuseri kwa phiri adachirira kunyumba, thumba la mwana lidakanirira, ndipo adataya magazi mpaka kumwalira. Adasiya ana anayi ndi kakhanda. Ndidamudziwa, mwana wake wachitatu ndidamulandira ine. Kodi akadabwera pa positu chikhala kuti sindidachite zija? Mwina akadabwera, mwina mtunda ukadamuletsabe. Sindikudziwa, ndipo funso limenelo ndipita nalo kwa Mulungu. Ndikulemba izi kuti musaganize kuti munthu akapeza chimene Mulungu adamuitanira, njira imasalala. Ine ndidachipeza, ndipo patangopita miyezi yochepa ndinkaima pamaliro a mayi ameneyo, anthu akundiyang'ana m'mbali.

Titabwerako kumaliro a Jowakimu adandiitanira m'chipinda chawo, n'kuvula chipewa chija, chinthu chimene sankachita. "Dona Rozalina, ndidakuonetsani makomo awiri," adatero. "Sindikukudzudzulani, mwina ine ndikadakhala mkazi ndikadachita zomwezo. Koma positu si yanu, ndi ya amayi awa, ndipo akuopa inu. Ndayankhula ndi akuluakulu athu a ku diresawu. Kuchipatala cha m'tauni ku Vila akufuna paritera wodziwa ntchito. Kuli magetsi, kuli madotolo, ana anu aphunzira bwino. Kuno abweretsa mtsikana watsopano amene alibe mbiri, ndipo amayi abwerera. Ganizani bwino, musayankhe lero, ndikudziwa pakamwa panu."

Mawu awo adali anzeru, ndipo n'chifukwa chake adandipweteka. Ndikapita, amayi abwerera msanga, koma khomo lakuseri libwereranso momwe lidalili, ndipo kulira kwa Estere kukhala umboni wakuti mwambo udapambana paritera wamwano. Ndikatsala, mwina wina amwaliranso kunyumba. Ndidafunsa bambo anu. Iwo ankalakalaka ku Vila kuyambira kale, koma adati, "Amake Lusiya, chibwerereni kutsidya sindidakuoneni mukugona tulo ngati mmene mwagonera miyezi ino, anthu akukutukwanani chonchi. Chimene mwapezacho ine sindikuchidziwa, koma musachisiye chifukwa cha magetsi." Ndiko kuyandikira kwambiri kumene bambo anu adafika pa nkhani ya mwana wathu uja.

Ndidaona kuti kutsala kokha sikukwanira, pakuti kukhala pakhonde ndi chilungamo chako amayi akufera kunyumba ndi kunyada chabe. Loweruka lotsatira ndidavula yunifomu, ndidamanga kapulana, ndipo ndidayenda wapansi kupita kwa a Nachisale. Ndidawapeza akusola nyemba pabwalo. Sadandipatse mphasa, ndiye ndidakhala padothi, ine amene sindidazolowere kugonjera munthu.

"Amayi, sindidabwere kudzanena kuti ndidalakwa, chifukwa ndingakunamizeni," ndidatero. "Ndabwera chifukwa cha mayi tamuika uja. Mkwiyo wanu ndi wa ine, koma akufa ndi ena."

"Mukufuna chiyani?"

"Kuika ndi kwanu, sindidzalowererapo. Dzenje, malo, amene apiteko, zonse ndi zanu. Ine ndikupempha kamphindi kamodzi. Ndizimufunsa mayi mwakachetechete ngati akufuna kumuona. Akakana, ndikupatsani pomwepo, ndipo sindidzamukakamiza. Akavomera, mundidikire pakhomo."

Adapitiriza kusola nyemba. "Inu mudaphunzira, mumati zathuzi n'zachabe."

"Sindidatero. Nanenso adandigwira chibwano kutsidya kuja, ndipo ndidamvera. Mimba yanga sidatsekeke, n'zoona, koma china chidatsekeka, ndipo chatsekuka tsiku lija ndi Estere."

Apo adaimitsa manja n'kundiyang'ana koyamba. Sadafunse zambiri, amayi a msinkhu umenewo safunsa. Adangoti, "Nanga ya Estere ikatsekeka?"

"Mudzanditukwane ine, ndidzakhala ndili pompano. Ku Vila andiitana, ndakana."

Sadavomere, sadakanenso. Ndidatsanzika n'kubwerera ndi fumbi kumatako. Lolemba ndidauza a Jowakimu kuti sindipita, ndipo adavala chipewa chawo n'kunena kuti, "Ndimadziwa. Ndangotaya mafuta a njinga yamoto popita ku diresawu." Kudapita masabata angapo chipinda chili chomwecho. Kenako tsiku lina masana ndidaona ngolo ikukwera mtunda, a Nachisale akuyenda pambali pake, m'ngolomo muli mtsikana amene mwana adatsogoza dzanja. Tidagwira ntchito limodzi osayankhulana zakale, ndipo mwanayo adalira. Amayi adabwerera pang'onopang'ono, osati onse, ndipo ena mpaka ndidapuma ntchito ankadutsa positu yathu kupita kutali.

Kuyambira pamenepo ndidagwira ntchito monga ndidalonjezera. Amayi ambiri ankakana kuona, ndipo ndinkawalemekeza, kungomusambitsa mwanayo ndekha n'kumulemba mtanda ndisadamupereke. Ena ankavomera ndi mutu okha, mwamantha. Ena ankabwera patapita chaka kudzandifunsa kuseri kuti, "Dona, adali wotani?" ndipo ndinkawauza, pakuti ndidaphunzira kuyang'anitsitsa nkhope iliyonse kuti ndidzakhale ndi choyankha. Atsikana a kurusu amene ankabwera kudzaphunzira kwa ine ndinkawaonetsa makomo awiri omwe aja, koma ndinkawauza kuti onse otulukira m'menemo ndi athu.

Chaka chimene ndidalandira refolima n'kupuma ntchito

Mukufuna kudziwa za Estere. Ndikadakonda kulemba kuti chaka chotsatira adabereka mapasa, anthu n'kuchita manyazi, koma ndikulemba mbiri, osati nthano. Estere sadatengenso pakati. Monga paritera ndikudziwa kuti kuvutika nthawi yaitali kuja kumatha kuwononga chiberekero, ndipo ndidamutumiza kwa madotolo, koma sadathe kumuthandiza. Anthu a m'mudzi adali ndi yankho lawo, ndipo yankholo lidali ine. Mwamuna wake adadikira zaka zingapo, kenako adakweza katundu wake panjinga n'kuwoloka pa Kalomwe osabweranso. A Nachisale sadanditukwane monga ndidawalolera, koma tikakumana ankandiyang'ana mwa njira ina, ndipo adamwalira tili choncho. Estere adatsala yekha pamudzi, akulima kachewere ndi kabichi, akulera ana a abale ake. Tikakumana panjira tinkapatsana moni wabwino, koma ine ndinkafulumira kudutsa. Pa zonse za ntchito yanga ndidali ndi mtendere, kupatula pa mkazi mmodzi ameneyu. Ndinkadzifunsa kuti, kodi ndidapeza maitanidwe anga pamsana pa mwana wa eni?

Mwezi umene ndidapuma ntchito ndidapita kumsika wa Domwe, ndipo ndidamuona atakhala pathumba, akuunjika kachewere m'timilu, mutu uli ndi imvi. Ndidati ndikapanda kufunsa lero, ndidzafunsa liti? Ndidanjuta pafupi naye ngati wogula.

"Estere, ndapuma ntchito. Ndili ndi funso limene ndakhala nalo zaka zonsezi, undiyankhe mosandinyengerera. Tsiku lija, kodi ndidakulakwira?"

Sadadabwe, ngati ankalidikira. Adamaliza kamulu kamene ankaunjika, n'kupukuta manja pa kapulana.

"Dona, anthu amati ndine chumba, ndipo ndasiya kuwayankha. Mukadamutulutsa pakhomo lija ndisadamuone, nanenso bwenzi nditakhulupirira, bwenzi ndikuti mwina ndidangolota. Koma ndidamunyamula pachifuwa apa, ndikudziwa kulemera kwake, ndikudziwa makutu ake. Mwamuna adapita, chabwino, koma chimenecho sadapite nacho. Ine ndine mayi." Kenako adandiyang'ana m'maso. "Koma mlandu ndili nanu, ndi wina. Kumudzi mkazi aliyense amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, ngakhale tiatsikana tadzulodzuloti. Ine ndi imvi zonsezi ndikadali Estere, ngati kamwana kotuma madzi. Enawo sindiwadandaula, dzinalo salidziwa. Nanga inu, amene mudalitchula ndi pakamwa panu?"

Ndidadzuka bwinobwino, ndidakonza kapulana yanga, ndipo ndidawerama monga tiweramira kwa mayi mnzathu.

"Mwaswera bwanji, amake Tadeyo?"

Adayang'ana amayi amene adakhala nawo pamzere, a kabichi ndi a tomato, onse a kumudzi kwawo, amene adali atasiya malonda n'kutchera khutu.

"Msika uli ndi phokoso, Dona," adatero. "Bwerezani mokweza, awa sadamve."